Tsamba la mitengo ya kachewere ku Dedza ndi Ntcheu: lipoti la chaka choyamba

Lipoti ili ndi la tsamba laling'ono la pa intaneti, lolembedwa m'Chichewa, lomwe cholinga chake n'kuthandiza alimi ndi ogula mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato m'madera a Bembeke, Dedza boma, Lizulu ndi Tsangano. Limayendetsedwa ndi anthu atatu. Wina amaona za kompyuta, wina ndi wolemba amene anaphunzira zaulimi, ndipo wachitatu amayenda m'misika kutolera mitengo. Tafotokoza mmene tsambali linalili poyamba, chimene chinkalepheretsa anthu kulitsegula, zimene zinasinthidwa ndi zimene zinalakwika m'njira. Amene akuyamba tsamba lofuna owerenga akumudzi apezamo zowakhudza, kaya lawo ndi la ulimi, la sukulu kapena la mpingo.

Mmene linayambira

Tsambali linamangidwa pa WordPress, pulogalamu yomangira masamba a pa intaneti, ndi maonekedwe ogula okonzeratu, a mtundu wa manyuzipepala akuluakulu. Pamwamba panali zithunzi zisanu zosinthana zokha, pambali bokosi loonetsa za pa Facebook, pansi mapu a Google. Zithunzi zinkaikidwa mmene zachokera m'foni. Nkhani zinali za chilichonse: ulimi lero, mpira mawa, ndale mkuja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Patatha miyezi itatu, olitsegula ambiri anali abale ndi anzawo a eni tsamba okhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuphatikizapo eni akewo poona ngati nkhani yatuluka bwino. Mlimi wa ku Bembeke, amene tsambalo linapangidwira, sankafikako.

Eni tsamba ankaganiza kuti vuto n'lakuti anthu sakulidziwa, ndiye maganizo awo anali pa kulipira Facebook kuti ilengeze. Asanatulutse ndalama, kunachitika kafukufuku wosavuta: kupita pamsika ndi linki, kupempha wogulitsa kuti aitsegule pa foni yake, ndi bandulo yake, kenako n'kukhala chete kumaona.

Pa Lizulu, mayi wina wogulitsa kachewere anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa kafoni ka itel kong'aluka galasi pakona. Anadina linki ija. Sikirini inangoti mbee, kamzere kabuluu katakakamira pamwamba. Anadikira pang'ono, wogula anafika kudzafunsa mtengo wa ndowa, iwo n'kubweza foni m'chitenje. Atamaliza ndi wogula uja anati zinthu zoterezi zimangodya mayunitsi. Zimenezi zinabwerezeka ndi anthu ambiri, ndipo zinavumbula zotchinga zitatu.

Choyamba ndi bandulo. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp ndi Facebook okha, ndipo ndi amene anthu ambiri m'misikayi amagula. Bandulo yotere siitsegula tsamba lina lililonse. Munthu akadina linki, mwina palibe chotseguka, mwina foni imayamba kudya mayunitsi amene anasungira kuimbira. Zikamuchitikira kamodzi, amayamba kuopa linki iliyonse.

Chachiwiri ndi kulemera kwa tsamba. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano chimakhala cha 3 MB mpaka 5 MB. Tsamba loyamba likanyamula zisanu zotere, munthu wa bandulo ya 100 MB akhoza kulitsegula kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, bandulo n'kutha. Kumadera okwera ngati Bembeke ndi Tsangano netiweki imasintha ndi malo amene waima, ndiye tsamba lotero silifika n'pakati pomwe.

Chachitatu n'chimene chinali chachikulu. Ngakhale tsambalo likanatseguka, munalibe yankho la funso limene munthuyo amadzuka nalo.

Kusankha funso limodzi

Alimi atafunsidwa chimene amaimbira foni kawirikawiri, yankho linali lofanana: mtengo. Thumba likupita pa zingati ku Lizulu? Nanga ku Dedza boma? Mavenda ochokera ku Lilongwe akugula motani? Ndikumbe sabata ino kapena ndidikire? Nkhani za mpira ndi ndale zinachotsedwa zonse. Tsamba linatsala ndi ntchito ziwiri zokha: mitengo ya mlungu uliwonse, ndi malangizo ochepa ogwirizana ndi nyengo.

Mitengoyo inaikidwa pa adiresi imodzi yosasintha. Izi n'zofunika kuposa mmene zimaonekera. Poyamba mlungu uliwonse unkakhala ndi nkhani yakeyake, ndiye linki ya mwezi watha ikamazungulira m'magulu, munthu ankaona mitengo yakale n'kuiyesa ya lero. Ndi adiresi imodzi, linki iliyonse yakale imamufikitsa pa mitengo yatsopano, ndipo Google nayo imalemekeza tsamba limodzi lolozedwa ndi ambiri kusiyana ndi masamba makumi asanu ofanana. Mitengo ya milungu yapitayo ili pansi pa tsamba lomwelo, kuti wofuna kuona kukwera ndi kutsika kwake aone.

Ntchito yovuta inali ya miyezo. Pamsika anthu sagula ndi sikelo. Pali mulu, pali ndowa, pali thumba, ndipo thumba lenilenilo lili mitundu: losokedwa pakamwa, ndi lina lowonjezeredwa pamwamba mpaka kuposa msinkhu wake. Ndowa nayo ina ndi yosefukira, ina ndi yopendeka pansi. Mukangolemba kuti thumba likugulidwa mwakuti, mlimi wa thumba laling'ono aganiza kuti akuberedwa, ndipo venda wa thumba lalikulu anena kuti tsambalo ndi labodza. Njira imene inagwira ndi iyi. Wotolera mitengo amanyamula sikelo yopachika. Pa msika uliwonse amafunsa ogulitsa osachepera atatu otalikirana, amayeza ndowa imodzi, n'kulemba muyezo wa pamsika pamodzi ndi makilogalamu ake. Patsamba timalemba mtengo wotsika ndi wokwera, osati wapakati, chifukwa wapakatiwo palibe amene anaulipira. Timasiyanitsa mtengo wopikulira ndi wogulitsira munthu m'modzim'modzi, komanso mbatata zikuluzikulu zopangira tchipisi ndi zing'onozing'ono. Mtundu ukadziwika, monga Violet kapena Rosita, umalembedwanso. Pamwamba penipeni pamakhala tsiku ndi ola limene mitengoyo inatengedwa, popeza mtengo wa m'mawa galimoto za mavenda zisanafike si wa masana.

Ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique, ndipo ogulitsa ena amachokera tsidya la Angónia, kumene Chichewa ndi chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mtengo uliwonse umalembedwa ndi MK kutsogolo, kuti wina asauyese wa ndalama ya kwawo. Owerenga ooneka ngati ali ku Mozambique m'ziwerengero si olakwika ayi, ndi makasitomala enieni.

Kupeputsa tsamba

Lamulo linaikidwa lakuti tsamba la mitengo lisapose 150 KB, ndipo tsamba la malangizo lokhala ndi zithunzi lisapose 400 KB. Pa 150 KB, bandulo ija ya 100 MB ikhoza kulitsegula koposa ka 600. Kuti zimenezi zitheke, maonekedwe a nyuzipepala aja anasiyidwa n'kutenga ena osavuta, opanda zithunzi zoyenda. Bokosi la Facebook ndi mapu zinachotsedwa, chifukwa chilichonse mwa izi chimakoka mafayilo ake ambiri kuchokera kwina. Zilembo zokongoletsa zotsitsa pa intaneti zinachotsedwanso, tsamba n'kumagwiritsa ntchito zilembo zimene zili kale m'foni. Mapulogalamu owonjezera a WordPress anatsala anayi okha: losunga makope a tsamba kuti lizitseguka msanga, lothandiza pa Google, loteteza polowera, ndi losunga zonse pena kuti zikatayika zibwezeredwe.

Zithunzi zimachepetsedwa zisanaikidwe, m'lifupi mapikiselo 800, n'kusungidwa ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka. Chithunzi cha 4 MB chimatsika kufika pakati pa 60 KB ndi 100 KB, tsamba la mbewu lodwala chiwawu n'kumaonekabe bwinobwino. Chithunzi chilichonse chimapatsidwa utali ndi ulifupi wake m'kodi ya tsamba (malamulo olembedwa amene foni imawerenga politsegula), kuti mawu asamadumphe pamene chikutseguka, ndipo zimene zili pansi zimaikidwa loading="lazy" kuti zizitsika pokhapokha munthu akafikapo. Mitengo imalembedwa ngati mawu enieni m'tebulo la madanga atatu, osati chithunzi cha tebulo. Chithunzi n'cholemera, Google siichiwerenga bwino, ndipo pa sikirini yaing'ono manambala amachepa.

Seva ya tsambali, kompyuta imene imalisunga, ili ku Ulaya, ngati mmene zilili ndi masamba ambiri otsika mtengo. Kuti mtunda uchepe, tsamba linadutsitsidwa pa Cloudflare yaulere, imene imasunga makope m'mizinda ngati Johannesburg ndi Nairobi. Poyeza timagwiritsa ntchito PageSpeed Insights, chida cha Google choyeza liwiro la tsamba, kuyang'ana kuti chinthu chachikulu cha patsamba chioneke mkati mwa masekondi 2.5, omwe ndi malire amene Google imati ndi abwino. Komabe muyezo umene timaudalira kwambiri ndi foni yotchipa yokhala ndi 1 GB ya RAM, yodzaza kale ndi zithunzi za ukwati, itaimitsidwa pamsika. Tsamba lothamanga pa laputopu ya muofesi silinayesedwe.

WhatsApp ndiye khomo

Kupeputsa kunathetsa vuto lachiwiri, koma la bandulo linali pomwepo. Apa panafunika kusintha maganizo, ndipo eni tsamba sanavomere msanga. Iwo ankafuna kuti uthenga wa pa WhatsApp uzingonyengerera, wakuti mitengo yatuluka, dinani apa. Ife olemba lipotili tinalangiza zosiyana: uthengawo unyamule mitengo yonse ikuluikulu m'mawu, linki ibwere kumapeto kwa amene akufuna ya milungu yapitayo kapena malangizo. N'zoona kuti ambiri sadina. Koma uthenga wodzaza umatumizidwa kwa ena, dzina la tsamba n'kumayenda nawo, pamene uthenga wa linki yokha umafera pomwe wafikira. Mlimi amene wathandizidwa kanayi popanda kutaya yuniti, tsiku limene wagula bandulo ya intaneti yonse amabwera yekha.

Uthengawo uli ndi dongosolo losasintha: dzina la tsamba ndi tsiku pamzere woyamba, msika uliwonse pamzere wake, mizere yosaposa khumi ndi iwiri kuti usadulidwe. Tsiku liyenera kukhala pamwamba chifukwa uthenga umayenda milungu ingapo. Umatuluka tsiku lomwelo ndi ola lomwelo mlungu uliwonse, madzulo, anthu atabwera kumunda ndipo foni zatchajidwa pa sola. Pamodzi nawo pamapita mawu ojambulidwa osapitirira mphindi imodzi, owerenga mitengo yomweyo, chifukwa alipo alimi aluso amene kuwerenga kumawavuta.

Njira zotumizira zinayesedwa zitatu. Mndandanda wotumizira anthu ambiri nthawi imodzi umalola anthu 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ambiri sadziwa zimenezi, ndiye amadabwa kuti uthenga wapita koma sunafike. Gulu limalola anthu 1,024, koma walira mvula walira matope: gulu litakula munadzaza mauthenga a ngongole zachinyengo, maulaliki, ndi anthu otola manambala a amayi. Linasinthidwa kuti adimini yekha ndiye azilemba. Channel ya WhatsApp, imene inabwera mu 2023, imabisa manambala a otsatira ndipo siidzaza ngati gulu, choncho ndi imene tsopano imanyamula mitengo. Mafunso amapita ku nambala ina yapadera, kudzera pa linki ya wa.me yoyamba ndi 265 imene ili pansi pa tsamba lililonse.

Linki ikatumizidwa pa WhatsApp kapena Facebook pamatuluka kabokosi ka mutu ndi chithunzi. Kamatengedwa pa og:title, og:description ndi og:image za m'kodi ya tsamba. Chithunzi chake chikhale cha 1200 ndi 630, koma chopepuka, chifukwa chikalemera kwambiri WhatsApp siichionetsa. Kabokosika kamasungidwa, ndiye linki yosasintha ikhoza kuonetsa mutu wa mlungu watha. Timathetsa zimenezi powonjezera kamchira kumapeto kwa linki, konena kumene yachokera ndi mlungu wake, monga utm_source=whatsapp ndi utm_campaign yosintha mlungu uliwonse. Kamchira komweko ndi kamene kamathandiza kudziwa kuti mlendo wachokera pa WhatsApp, apo ayi ziwerengero zimamuika m'gulu la ongolemba adiresi okha.

Anthu oyamba sanapezeke ndi malonda olipira. Anapezeka kudzera mwa atsogoleri a makalabu a alimi, alimi otsogola, ogulitsa zipangizo zaulimi, ndi anyamata otchaja mafoni pa ma trading centre. Aliyense anaonetsedwa maso ndi maso, n'kupemphedwa kuti aziponya uthengawo m'magulu amene ali kale. Alangizi a boma anauzidwa poyambirira pomwe za chimene tsambalo likuchita, ndipo malangizo okhudza mankhwala amadutsa kaye kwa m'modzi wa iwo.

Google ndi Chichewa

Alendo ochokera pa Google anabwera mochedwa, ndipo ndi mmene zimakhalira ndi tsamba latsopano. Zoyambira zinachitika tsiku limodzi: kulembetsa tsamba pa Google Search Console (chida choonetsa mmene tsamba likupezekera posaka), kupereka sitemap.xml (mndandanda wa maadiresi onse a tsamba), ndi kuika lang="ny" pamwamba pa kodi kuti makina adziwe chiyankhulo. Panapezekanso cholakwika chimene chimagwira ambiri: pomanga tsamba, kabokosi ka WordPress kopempha makina osakira kuti asalionetse kanachongedwa, ndipo kanaiwalika choncho miyezi yonse itatu.

Search Console imaonetsa mawu amene anthu analemba posaka, ndipo apa m'pamene pali phunziro. Anthu sasaka m'Chichewa cha m'buku. Amasakaniza: wina "mtengo wa Irish potato Lizulu", wina "mbatatesi", wina "kachewere", wina "mankhwala a chiwawu tomato". Mutu wa tsamba uzitenga mawu amene afala kwambiri, mayina enawo n'kulowa m'ndime yoyamba mwachibadwa, ngati mmene mlangizi angatchulire onse poyankhula ndi gulu. Kuwaunjika pansi ngati mndandanda sikuthandiza. Pa adiresi ya nkhani timapewa chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati m'munda kapena ng'ombe, chifukwa linki ikakopedwa zimasanduka manambala ndi zizindikiro zosokoneza, nthawi zina n'kuduka pakati.

Ubwino wa kulemba m'Chichewa n'ngwakuti opikisana nawo ndi ochepa. Nkhani imodzi yolembedwa bwino ikhoza kukhala pamwamba nthawi yaitali. Koma iyenera kutuluka nyengo yake isanafike. Chiwawu chimavuta kukakhala chinyezi ndi kuzizira, zimene mapiri a Dedza ndi Ntcheu sasowa m'dzinja. Nkhani yake ikatuluka mu January, munda utapsa kale, Google imakhala isanaizolowere. Timaitulutsa mu October, mvula isanayambe, n'kuikonzanso chaka chilichonse pa adiresi yomweyo. Za ulimi wa m'madimba zimatuluka mvula ikamatha. Nkhani khumi ndi ziwiri zoyankha bwino mafunso enieni zinaposa kutali mulu wa nkhani zimene zinalipo kale.

Panali nthawi imene wolemba, pofuna kuchulukitsa nkhani, anatenga zolemba za Chingerezi n'kuzimasulira ndi makina osazikonza. Owerenga anazizindikira nthawi yomweyo. Mbatata ya kachewere inasanduka ya kholowa pakati pa nkhani, ndipo miyezi yobzalira inali ya dziko lina. Zonse zinachotsedwa.

Zimene zinalakwika

Cholakwika choopsa kwambiri chinali cha mtengo. Mlungu wina ziro m'modzi anawonjezeka pa mtengo wa ndowa, uthenga n'kupita. Pa tsamba zinakonzedwa msanga, koma uthenga wa pa WhatsApp unali utafalikira kale, ndipo ngakhale tsambalo linapitiriza kuonetsa nambala yolakwika kwa maola angapo chifukwa makope osungidwa sanafufutidwe. Kuyambira pamenepo pali malamulo atatu. Mitengo imawerengedwa ndi anthu awiri, wachiwiri akuyerekeza ndi ya mlungu watha. Makope osungidwa amafufutidwa nthawi iliyonse mitengo ikasintha, pa WordPress ndi pa Cloudflare pomwe, kenako tsamba limatsegulidwa pa foni ina kutsimikiza. Ndipo cholakwika chikatuluka, kukonza kwake kumapita m'njira yomweyo, ndi mawu akuti KUKONZA pamwamba, kunena poyera kuti nambala yolakwika inali iti. Kufufuta mwakachetechete kumasiya mlimi atanyamula nambala yabodza kupita nayo pamsika.

Chachiwiri chinali cha domeni, dzina limene ndi adiresi ya tsamba pa intaneti. Inalipiridwa chaka chimodzi ndi khadi ya ku banki, m'madola. Nthawi yolipiranso itakwana, khadi inakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo uthenga wochenjeza unkapita ku imelo imene palibe ankaitsegula. Tsamba linazima masiku angapo. Aliyense amene amalipira zinthu m'madola akukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kutanthauza kuti bajeti ya tsamba ikhoza kusintha usiku umodzi. Malangizo athu ndi akuti domeni ilipiridwe zaka ziwiri kapena zitatu ndalama zikapezeka, tsiku lothera lilembedwe pakhoma, ndipo kulipira kuyambike kutatsala mwezi wathunthu. Domeni ya .mw, ya kuno ku Malawi, ndi njira ina yoyenera kuiganizira. Chofunika kwambiri n'chakuti domeni ilembetsedwe m'dzina la eni tsamba, osati la mnyamata amene analimanga.

Chachitatu chinali chenjezo lofiira lakuti tsambali si lotetezeka. Satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, imene imatsimikizira foni kuti tsamba n'lotetezeka, imakhala masiku 90 ndipo imayenera kudzikonzanso yokha. Ulendo wina siinatero, chifukwa cha kusintha kumene kunachitika pa seva. Tsopano pali pulogalamu yaulere yolondera imene imatumiza uthenga tsamba likazima. Koma madandaulo ena a chenjezo lomweli sanali a tsamba ayi. Foni yotchipa ikathera moto kapena ikachotsedwa batire, tsiku lake limabwerera m'mbuyo, ndipo imayamba kukana masatifiketi onse. Woyankha mafunso anaphunzitsidwa kuti funso loyamba likhale lakuti, foni yanu ikuti lero ndi pa chani?

Malonda olipira a pa Facebook anayesedwa kamodzi, eni tsamba ataumirira. Analozedwa dziko lonse la Malawi, ndiye anabweretsa ma like ambiri a anthu a m'tauni amene sanakumbepo mbatata. Chiwerengero cha otsatira chinakwera, obwerera patsamba sanasinthe. Wofuna kuyesanso aloze dera laling'ono lozungulira Dedza ndi Ntcheu, ndipo batani lake litsegule WhatsApp, osati tsamba.

Kuyeza zoyenera

Google Analytics 4, yowerenga olowa patsamba, inaikidwa, koma ziwerengero zake sizionetsa zonse. Owerenga ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotsegulira masamba ya Opera Mini, imene ikakhala pa njira yosunga data kwambiri imadutsitsa tsamba pa maseva ake n'kuchepetsa JavaScript, kodi imene Analytics imadalira powerenga anthu, ndiye ena sawerengedwa kapena amaoneka ngati ali dziko lina. Timayerekeza ndi ziwerengero za Cloudflare ndi za pa seva, podziwa kuti izo zimawerengeranso makina oyendayenda. Maulendo a eni tsamba amachotsedwamo.

Mlungu uliwonse pamalembedwa zinthu zinayi m'kope: anthu amene abwereranso, amene alowa pa Channel ndi amene atuluka, mafunso amene afika ku nambala ija, ndi mawu atsopano a mu Search Console. Pa zinayizi, mafunso ndi amene amanena zoona kwambiri. Munthu akalemba kuti mitengo ya sabata ino ili kuti, popeza yachedwa ndi ola limodzi, ndiye kuti tsamba lalowa m'moyo wake. Pofika kumapeto kwa chaka mauthenga otere anali achizolowezi, ndipo mavenda ena anayamba kutumiza okha mitengo ya misika imene wotolera safikako. Mitengo yotumizidwa chonchi siituluka isanatsimikizidwe ndi munthu wachiwiri wa pamsika womwewo, chifukwa venda ali ndi chifukwa chofunira kuti mtengo uoneke wotsika.

Manambala a anthu ndi ndalama

Tsamba likayamba kukula limasonkhanitsa manambala a foni, ndipo posachedwa wogulitsa feteleza amabwera kudzawapempha. Yankho ndi ayi. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Nambala imatengedwa munthu atavomera, atauzidwa ntchito yake, ndipo akafuna kutuluka amachotsedwa tsiku lomwelo. Ogulitsa amene apereka mitengo satchulidwa mayina, ndipo palibe amene amajambulidwa nkhope asanalole.

Pa za ndalama, chiyembekezo choyamba chinali AdSense, njira ya Google yoika malonda patsamba n'kumalipira mwini wake. Chichewa sichili pa mndandanda wa ziyankhulo zimene AdSense imalandira, ndipo ngakhale chikanakhalapo, Google siilipira ndalama zisanakwane madola 100, pamene malonda akewo akanabwezeretsa kulemera kumene tinachotsa. Chimene chinatheka ndi malonda a m'deralo: mzere umodzi wa mawu pansi pa uthenga wa mitengo, wa wogulitsa mbewu kapena mwini lole, wolipiridwa mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Umalembedwa poyera kuti ndi malonda, ndipo pa uthenga umodzi pamakhala umodzi wokha. Wotsatsa mankhwala a mbewu amayenera kuonetsa kuti ndi ovomerezeka ndi Pesticides Control Board. Wogula mbatata saloledwa kutsatsa pa uthenga wa mitengo, popeza alimi angayambe kukayikira manambalawo. Ndalama zimene zimalowa zimayamba zalipira thiransipoti ndi bandulo ya wotolera mitengo, kenako seva ndi domeni.

Zotsala

Pali zinthu zitatu zimene sizinathe. Tsamba likudalirabe munthu m'modzi wotolera mitengo, ndipo akadwala kapena msewu wa ku Tsangano ukavuta ndi mvula, mlungu umenewo umakhala ndi mipata. Akufunika wachiwiri wa mbali ya Ntcheu, wokhala ndi sikelo yake ndi fomu yofanana. Alimi a mafoni a mabatani sakufikiridwa, kupatula akamva kwa anzawo. Njira ya SMS ikuwerengeredwa mtengo wake, koma pakali pano mitengo imasindikizidwa papepala limodzi n'kumatidwa pa mashopu awiri ogulitsa zipangizo zaulimi. Chachitatu, pafupifupi owerenga onse amadutsira pa WhatsApp, ndipo nambala ija itatsekedwa kapena foni itabedwa, khomo latsekeka. Nambalayo yaikidwa PIN yotsimikizira kawiri, Channel yapatsidwa adimini wachiwiri, ndipo adiresi ya tsamba, yaifupi yosavuta kuloweza, imatchulidwa m'mawu ojambulidwa mlungu uliwonse. Msika wa Chimbiya udzawonjezedwa pokhapokha wotolera wachiwiri akagwira ntchito miyezi itatu osaphonya mlungu.